Msoko Wokhota

Mapaundi khumi ndi awiri kupinda buluku limodzi?
Ndinabwereza funso. Telala wa pa Narborough Road
naye anabwereza yankho, osaphethira.
Ku Ndirande ndalama imeneyo
ikanapinda mabuluku a banja lonse, yachiwaya n'kutsalako.
Koma kuno ndi ku Leicester,
ndipo buluku lomukwana Ndaziona m'chiuno
likusesa matope a Novembala mpaka kusukulu.

Loweruka, nditaweruka ntchito ya usiku,
maso ali psuu, ndinalowa m'sitolo ya makina osokera.
Anali ndandanda pa alumali, oyera mbee,
ngati anamwino odikira dokotala.
Ine amene ndimatembenuza nkhalamba pabedi osaidzutsa,
amene ndimameta ndevu za munthu wonjenjemera osamucheka,
sindinalowetsepo ulusi pasingano popanda kutukwana.

Mayi Hollingworth, magalasi ali lende pachifuwa,
anandionetsa oyamba: owala kumaso ngati foni,
misoko mazana awiri, maluwa, nyenyezi,
ngakhale dzina lako amalemba okha.
Nditaona mtengo ndinamva lendi ikutsokomola m'thumba.
Ndinati, Mayi, sindinabwerere nyenyezi,
ndikungofuna mwana asapunthwe.

Anaseka, n'kuyamba mafunso ngati a kuchipatala.
Mumakhala pamwamba?
Nsanjika yachitatu, masitepe okhaokha.
Ndiye achitsulo olemerawa asiyeni, msana ndi umodzi.
Pansi panu pali ndani?
Mnyamata wa ku Poland woyendetsa basi, amagona masana ngati ine.
Ndiye muyambe mwamva kulira kwake.
Muzisoka chiyani?
Mabuluku, makatani, zipi ya jekete,
ndi chitenje china chimene chagona m'sutikesi zaka zisanu,
mwiniwake sanapeze mpata wochisoketsa.
Pamenepo sanafunsenso.

Anatsitsa ena aang'ono, osanyada,
a misoko khumi ndi iwiri basi.
Wowongoka, anatero, wa zigizagi, wobwerera m'mbuyo,
ndi wa bowo la batani. Inayo n'njokometsera.
Bobini imalowera pamwamba, mumaiona ikamatha.
Kandowe aka kamalowetsa ulusi maso akatopa.
Ndipo aka, anakakankha ndi chala, kamachepetsa liwiro.
Woyamba kumene safuna makina anzeru,
amafuna makina okhululuka.

Khalani apa. Pondani.
Ndinaponda ngati dalaivala wa minibasi
amene waona pasinjala patsogolo pa mnzake.
Nsalu inathawa, ulusi unamanga chisa cha mpheta kunsi kwake.
Anadula mwakachetechete, anandipatsa chigamba china.
Phazi lizinong'ona, anatero, manja asakoke,
nsalu imadziwa kumene ikupita.
Ulendo wachitatu singano inavomera kuyenda nane,
tiki, tiki, tiki,
ngati nkhuku yotola mapira pa lichero.

Ndinalipira mapaundi zana limodzi ndi makumi atatu.
Mabuluku khumi ndi limodzi, ndinawerengera m'basi,
bokosi lili pamiyendo,
mvula ikusoka galasi ndi misoko yake yopendama
imene palibe amaidzudzula.

Lamlungu usiku, pa tebulo lodyera, mbale titasunthira pambali,
ndinayeza kawiri, ndinadula kamodzi, ndinaphwasula kanayi.
Msoko unatuluka wokhota ngati msewu wokwera phiri la Zomba,
mwendo wamanzere wafupikirapo ndi chala chimodzi.
Ndaziona anavala, anazungulira pagalasi, anadumpha.
Adadi, palibe amene amayang'ana kumapazi.

Mnyamata wa pansi sanagogode.

Chitenje chija ndachitulutsa, chili pampando,
chikadali ndi mizere ya mmene anachipindira mwiniwake.
Sindinachikhudze ndi sizasi.
Ndikuphunzira kaye pa nsalu za mapilo,
ndipo dzulo msoko wina unawongoka
kutalika ngati chikhatho changa.